Kubayidwa, kulumidwa ndi poizoni m'thanki ya nsomba za m'nyanja yamchere: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa ndi a anthu atatu: woweta nsomba za m'nyanja yamchere m'thanki yagalasi kunyumba kwake, wogwira ntchito m'sitolo yogulitsa nsomba zoterezi, ndi wantchito wapakhomo ku Johannesburg, Cape Town kapena London amene tsiku lina amangouzidwa kuti atsuke thanki ya abwana. Mwa atatuwa, womalizayu ndiye amene kawirikawiri amapisa dzanja m'madzi asanauzidwe kalikonse.

Ndaweta mbuna kwa zaka zambiri osavulalapo. Thanki ya madzi amchere yasiyana pati?

Mbuna za m'nyanja ya Malawi ndi zandewu ndithu, koma zimamenyana zokhazokha. Ikakwiyira inu imangojompha chala n'kuthawa. Zamoyo za m'thanki ya madzi amchere zimachokera m'matanthwe a makorali (tizamoyo tokhala mothithikana pamiyala ya pansi pa nyanja, tooneka ngati zomera) a ku Indonesia, Philippines, Fiji, Kenya ndi m'Nyanja Yofiira, kumene malo ndi ochepa koma adani ndi ochuluka. Kumeneko chamoyo chosatha kuthawa chimakhala ndi chida chake, kaya munga wa ululu, mano, kapena poizoni wa m'thupi, ndipo chikakwezedwa ndege kupita kusitolo chidacho chimapita nacho.

Palinso nkhani ya miyala. Mathanki ambiri a mtunduwu amakonzedwa ndi miyala yotengedwa m'nyanja ikadali yonyowa, imene ogulitsa amati live rock, chifukwa mabakiteriya okhala m'miyalamo ndi amene amayeretsa madzi. M'mabowo a miyalayo mumabwera alendo osaitanidwa: nyongolotsi zaubweya wolasa, nkhanu, nkhono, mantis shrimp (kanyama konga nkhanu komenya nkhonya) ndi timakorali tosadziwika. Palibe mwini thanki amene amadziwa zonse zimene akuweta.

Ndiye choopsa kwambiri ndi chiti? Lionfish?

Ayi. Lionfish, nsomba ya mizeremizere yokhala ndi minga ya ululu, imapweteka kwambiri, koma imaoneka, ndipo aliyense amaiopa. Chimene chagonetsa mabanja athunthu m'chipatala ndi timakorali tofewa tomera mothithikana pamwala, ta mtundu wa Palythoa ndi abale ake a Zoanthus. M'masitolo amangoti ma paly ndi ma zoa. Ndi totsika mtengo, sitifa wamba, ndipo timawala mokongola pansi pa nyali yabuluu, n'chifukwa chake ndi timeneti timene amalangiza ongoyamba kumene kuti agule. Tina mwa timeneti tili ndi palytoxin, poizoni amene ali m'gulu la amphamvu koposa onse odziwika m'chilengedwe.

Richard Moore ndi Paul Scheuer a pa yunivesite ya Hawaii ndi amene anamufotokoza mu 1971, atatsatira nthano ya anthu a ku Hana pachilumba cha Maui, yonena za kadziwe ka m'mphepete mwa nyanja kamene ankhondo akale ankatengamo mankhwala opaka kunsonga za mikondo. Kagwiridwe kake ka ntchito n'kotere: selo lililonse la m'thupi lili ndi timapampu totulutsa sodium ndi kulowetsa potassium. Palytoxin akagwira kapampuko amakasiya kali chitsegukire, michere ija imangodutsa mosalamulirika, selo n'kuwonongeka. Popeza timapamputo tili paliponse, mapapo, minofu, mtima, impso ndi maso zonse zimakhudzidwa. Mankhwala omuthetsa kulibe. Kuchipatala amangochirikiza thupi ndi okosijeni, madiripi ndi mankhwala ochepetsa kutupa mpaka poizoniyo atatha yekha.

N'zoona kuti si Palythoa yense ali ndi poizoni wambiri. Koma ndi maso simungasiyanitse, ndipo wogulitsa amene angakuuzeni kuti ake ndi abwinobwino nayenso akungoganizira.

Angalowe bwanji m'thupi mwanga ngati sindinadye kanthu kapena kulumidwa?

Amalowa pabala la pakhungu, ngakhale kakang'ono ka m'mbali mwa chikhadabo. Amalowa m'maso, chifukwa timakoralito tikafinyidwa timalavula madzi, ndipo pali anthu amene diso lawo linawonongeka mpaka kufunika opaleshoni. Amalowanso popuma, ndipo njira imeneyi ndiyo yoipitsitsa chifukwa imagwira aliyense wa m'nyumbamo, ngakhale mwana amene wagona kuchipinda china.

Nkhani zake zimafanana modabwitsa. Mwini thanki watopa ndi timakorali tofalikira pamwala. Amautulutsa mwalawo n'kuukwecha ndi bulashi pasinki, kapena kuuthira madzi owira a m'ketulo, mwinanso kuuphika mupoto kuti zonse zife. Timakoralito timafadi, koma palytoxin saphedwa ndi kutenthako. Amakwera ndi nthunzi ndi timadontho ta madzi n'kudzaza nyumba yonse. Pakapita maola ochepa anthu amayamba kuyetsemula, kutsokomola, kutentha thupi, kunjenjemera ndi kuphwanya m'thupi, ndipo onse amaganiza kuti chimfine chawagwera limodzi.

Bungwe la CDC, loona za matenda ku America, linalemba mu 2015 za anthu 10 a ku Anchorage, Alaska, amene anadwala motere pakati pa 2012 ndi 2014, ena a m'sitolo ya nsomba, ena a m'nyumba momwe munali thanki. Mu 2017 banja la anthu 7 la kummwera kwa Adelaide ku Australia linagonekedwa m'chipatala makorali atakwechedwa m'nyumba. Mu 2018 ku Steventon, m'chigawo cha Oxfordshire ku England, anthu 10 anatengeredwa kuchipatala thanki itatsukidwa, ndipo anayi mwa iwo anali ozimitsa moto amene anangobwera kudzathandiza.

Zimene zimasiyanitsa matendawa ndi chimfine ndi izi: mkamwa mumawawa ndipo mumamveka chitsulo, milomo imachita dzanzi, m'chifuwa mumabanika, anthu angapo amadwala nthawi imodzi thanki itangogwiridwa, ndipo galu kapena mphaka nayenso amafooka kapena kusanza. Mkodzo ukayamba kuda kapena kufiirira, ndiye kuti minofu ikuwonongeka ndipo impso zili pangozi. Zikatere tulutsani anthu ndi ziweto panja, tsegulani mawindo, ndipo pitani kuchipatala nonse, osati wodwala kwambiri yekha.

Nanga mwala wodzala ndi ma paly ndiuyeretse bwanji?

Osauphika, osauthira madzi otentha, osauika muuvuni kapena mumaikulowevu, osaupopera ndi makina otsukira galimoto, osaukwecha uli kunja kwa madzi. Ngati mukufuna kudula timakoralito kuti mugawire anzanu, dulani tili m'madzi, mutavala magolovesi, magalasi otchinga maso mbali zonse ndi chotchinga pakamwa ndi mphuno. Makala oyeretsera madzi amene amaikidwa m'fyuluta amayamwa poizoni wambiri amene watayikira m'thanki, choncho ikani atsopano mukatha ntchitoyo.

Mwala umene mwaganiza zoutaya kapena kuuyeretseratu, unyamuleni uli m'ndowa ya madzi mpaka panja, ndipo muuviike kwa masiku angapo m'madzi osakaniza ndi jiki, gawo limodzi la jiki pa magawo 9 a madzi. Jiki ndi amene amaphwanya palytoxin. Musamusakanize ndi viniga kapena asidi aliyense, chifukwa zikakumana zimatulutsa mpweya wa chlorine, vuto lina pamwamba pa loyambalo. Matawulo, bulashi ndi tebulo zimene munagwiritsa ntchito nazonso zitsukidwe ndi jiki.

Lionfish yandibaya chala. Ndichite chiyani pompano?

Vulani mphete ndi wotchi kutupa kusanayambe. Tsukani balalo, ndipo ngati kachidutswa ka munga kakuoneka, kazuleni ndi kachopanira. Kenako viikani dzanjalo m'madzi otentha kwa mphindi 30 mpaka 90. Madziwo asapitirire madigiri 45 Celsius. Ngati mulibe choyezera, yesani ndi dzanja linalo, losabayidwalo, chifukwa chala chimene chili pa ululu sichizindikira kuti chikupsa, ndipo kupsa ndi madzi kumatha kusiya bala loipa kuposa la nsombayo. Madzi akamazizira onjezerani ena. Imwani panado kapena ibuprofen ngati thupi lanu limalola.

Apa ndi pamene anthu amasokonezeka, ndipo kusokonezekako n'komveka. Madzi otentha omwe aja amene ndi oopsa pamwala wa ma paly, pabala la munga ndi thandizo loyamba. Ululu wa m'minga ya nsomba ndi wa mapuloteni amene salimba pa kutentha, ndipo kufundako kumaziziritsanso kupweteka. Palytoxin si puloteni. Madzi otentha ndi a chala chobayidwa, osati a mwala.

Lionfish, kaya Pterois volitans kapena Pterois miles, ili ndi minga ya ululu 18: pamsana 13, kumimba iwiri, ndi itatu pachipsepse cha pafupi ndi mchira. Zipsepse zazikulu za m'mbali, zomwe zimaopsa maso zija, zilibe ululu. Siyamba munthu dala. Ambiri amabayidwa akupukuta galasi kapena akusuntha miyala, nsombayo itabwera mwakachetechete poganiza kuti dzanjalo labweretsa chakudya. Kupweteka kumakula mu ola loyamba, kumatha kukwera mpaka kuphewa, ndipo kutupa kumatenga masiku. Imfa siichitikachitika. Komabe pitani kuchipatala ngati mwabayidwa ndi minga ingapo, munga walowa pamfundo ya chala, patuluka matuza, chala chasintha mtundu, kapena mukumva chizungulire, nseru ndi kupuma movutikira.

Kucheka pabalapo, kuyamwa, kumanga chingwe kapena kukodzerapo sikungathandize?

Palibe chimodzi mwa zimenezi chothandiza. Kucheka kumangowonjezera bala, kuyamwa sikutulutsa ululu, ndipo chingwe chimatsekera ululuwo pamalo amodzi pamene ukuwononga mnofu kale. Mkodzo si mankhwala.

Kodi ndi lionfish yokha imene ili ndi minga ya ululu?

Ayi, ndipo zimene zimabaya anthu mosayembekezera ndi zooneka zofatsa. Foxface, nsomba yachikasu yodya ndere imene anthu amaigula kuti iziyeretsa thanki, ili ndi minga ya ululu 13 pamsana, 7 kunsi ndi ina kumimba, mofanana ndi abale ake onse a mtundu wa rabbitfish. Ndi yamantha, ndipo ikadzidzimuka imaimika minga yonse n'kuthamangira kulikonse, ngakhale kumene kuli dzanja lanu.

Pali kamlamba ka m'nyanja yamchere ka mizeremizere, Plotosus lineatus, kamene kakadali kakang'ono kamasambira m'chigulu chokongola. Amene anakulira kunyanja n'kulasidwapo ndi nkholokolo pomasula ukonde amadziwa kale pamene pamakhala minga yake: umodzi pamsana, ndi umodzi pachipsepse chilichonse cha m'mbali. Kungoti ululu wa Plotosus umaposa wa nkholokolo kutali.

Scorpionfish zimabisala pamiyala ndipo simuziona. Mchimwene wake wamkulu ndi stonefish, Synanceia, nsomba ya ululu woopsa kuposa zonse, imene imapezekanso m'gombe la Mozambique, Tanzania ndi Kenya. Iyi yokha ndiyo ili ndi mankhwala akeake othetsa ululu, amene kampani ya CSL ya ku Melbourne inayamba kupanga mu 1959, koma chipatala wamba cha kutali ndi nyanja sichisunga mankhwala amenewo. Woweta stonefish kunyumba ayambe wafunsa kumene angawapeze asanagule nsombayo. Stingray ya madontho abuluu, Taeniura lymma, ili ndi munga wamanomano kumchira umene umang'amba mnofu potuluka. Bala lake ndi la kuchipatala nthawi zonse, ndipo munga umene walowa kwambiri usazulidwe kunyumba.

Thandizo loyamba la zonsezi ndi lomwe lija la madzi otentha.

Nsomba yafa. Ndingaitole ndi manja?

Ayi. Minga imakhalabe ndi ululu nsombayo itafa. Itoleni ndi chopanira, ndipo muiike m'chitini kapena m'botolo lolimba musanaitaye, kuti wotaya zinyalala asabayidwe kudzera m'jumbo.

Tang yandicheka ngakhale ilibe minga yoimika. Zatheka bwanji?

Nsomba za tang, monga yachikasu ya ku Hawaii ndi yabuluu, zili ndi kampeni kumbali zonse ziwiri za tsinde la mchira. Kamagona m'kamphako ndipo kamatuluka nsombayo ikapinda thupi. Balalo limakhala lowongoka, lakuya, lotuluka magazi ambiri. Nthawi zambiri zimachitika tang ikakodwa mu kaukonde, munthu n'kumayesa kuimasula ndi zala. Tang, foxface ndi lionfish zigwireni ndi kontena yapulasitiki, osati ukonde.

Nanga zoluma?

Moray, mkunga wa m'matanthwe, siona bwino ndipo imasaka ndi fungo. Chala chimene changogwira chakudya chake, kwa iyo ndi chakudyanso. Mano a mitundu yodya nsomba ndi opindikira m'kati, ndipo mu 2007 Rita Mehta ndi Peter Wainwright a pa yunivesite ya California ku Davis anaonetsa kuti ili ndi nsagwada zachiwiri kukhosi, zimene zimabwera kutsogolo kudzakokera chakudya m'mimba. Munthu akalumidwa amakoka dzanja mwamphamvu, ndipo kukokako ndiko kumang'amba mnofu ndi mitsempha yoyendetsa zala. Mavidiyo a anthu odyetsa moray pamanja ali mbwee pa intaneti, koma ndi chibwana. Chopanira chachitali n'chotsika mtengo kuposa opaleshoni ya chala.

Triggerfish ili ndi mano ophwanyira nkhono. Clown trigger imafatsa ikadali yaing'ono, kenako tsiku lina imasintha n'kuyamba kupha anzake ndi kuluma dzanja lililonse. Imatafunanso mawaya a hita ndi a pampu, ndipo magetsi m'madzi amchere si nkhani yamasewera, choncho thimitsani zamagetsi musanapise dzanja. Pufferfish yaikulu ili ndi mano ogwirizana olimba moti ikhoza kuchotsa mnofu wa kunsonga ya chala.

Imene imaluma anthu ambiri, komabe, ndi clownfish, makamaka yaikazi ya mtundu wa maroon ikamalondera mazira kapena anemone yake, chamoyo cholasa chooneka ngati duwa chimene nsombayi imakhalamo. Bala lake ndi laling'ono. Choopsa ndi kudzidzimuka kwanu: dzanja limathawa mosaona n'kukagunda mwala wakuthwa, sea urchin (kanyama kozungulira ka minga thupi lonse) kapena lionfish imene inali kumbuyo.

Usiku ndimamva kulira kwa "tha! tha!" m'thanki, ndipo nkhono zanga zikutha. Muli chiyani?

Mwina ndi pistol shrimp, imene ilibe vuto kwa munthu. Koma ngati mukupeza zigoba zophwanyika pakhomo la bowo limodzi, ndi mantis shrimp. Sheila Patek ndi anzake anayeza nkhonya ya mtundu wa peacock, Odontodactylus scyllarus, n'kupeza kuti imathamanga mpaka mamita 23 pa sekondi. Imang'amba chala mpaka kufunika kusoka, ndipo mitundu ina m'malo momenya imabaya. Musapise chala m'bowo lililonse la mwala. Tulutsani mwala wonsewo muuike m'ndowa ya madzi amchere, kapena tcherani msampha wa botolo.

Nyongolotsi zaubweya ndiye zili pafupifupi m'thanki iliyonse, ndipo zambiri n'zothandiza chifukwa zimadya zotsalira. Ubweya wake woyera umathothokera pakhungu n'kumayabwa ndi kutentha, makamaka wa fireworm, Hermodice carunculata. Osatikita. Umitsani khungu, matanipo selotepi n'kumatula kangapo, kenako pakani viniga kapena spiriti. Palinso chinyongolotsi cha Eunice, chokhala ndi nsagwada zodula nsomba pakati. Mu 2009 ogwira ntchito ku Blue Reef Aquarium ku Newquay, England, atadabwa kwa miyezi ndi makorali odukaduka ndi nsomba zovulala, anaphwasula thanki n'kupeza china chotalika kupitirira mita imodzi, chimene akuganiza kuti chinabwera chili chaching'ono m'miyala.

Kale anemone ndi makorali sizinkandipweteka, koma tsopano ndikangokhudza mkono umatuluka zidzolo. Chasintha n'chiyani?

Chasintha ndi thupi lanu. Anemone, makorali monga hammer ndi torch, ndi fire coral zili ndi timaselo tolasa tambirimbiri. Khungu lokhuthala la m'manja limatchinga, koma la kumkono ndi pakati pa zala silitchinga. Munthu akalasidwa mobwerezabwereza, thupi limatha kuyamba kudana nazo, ndipo ulendo uliwonse zidzolo zimakula kuposa wapitawo. Carpet anemone, Stichodactyla, imamata pakhungu ndipo imasiya matuza ngakhale kwa munthu woyamba kuikhudza.

Tsukani ndi madzi amchere oyera, osati a pampopi, chifukwa madzi opanda mchere amaphulitsa timaselo totsalira. Chotsani zomata ndi kachopanira, osatikita. Viniga amathandiza pa fire coral, koma pa mitundu ina amawonjezera kulasa, choncho si wothira pa chilichonse. Mafuta a hydrocortisone ndi mapiritsi a antihistamine amachepetsa kuyabwa. Milomo, lilime kapena nkhope zikayamba kutupa, kapena pakhosi pakamathina, itanani ambulansi nthawi yomweyo.

Minga ya sea urchin yathyokera m'chala. Ndiikumbe ndi singano?

Zulani yokhayo imene ikuoneka ndipo ikugwirika, mowongoka, chifukwa minga ya Diadema ndi yofumbutuka ndipo mukaipinda imaphwanyikira m'kati. Viikani m'madzi otentha monga tafotokozera. Kadontho kakuda kapena kofiirira kotsala pakhungu nthawi zina ndi utoto chabe ndipo kamazimiririka pakapita masiku awiri. Kakapanda kuzimiririka, munga ukadali momwemo. Wolowa pamfundo kapena pafupi ndi mtsempha ndi wa dokotala, chifukwa ukasiyidwa chala chikhoza kuuma osapindikanso bwino.

Ndaona ka octopus ka mabwalo abuluu ndi nkhono zokongola za cone zikugulitsidwa. Ndingaweteko?

Musatero. Pa zonse zimene zatchulidwa pano, ziwirizi ndi zimene zingaphe munthu wathanzi ambulansi isanafike, ndipo zonse zilibe mankhwala othetsa ululu wake.

Ka octopus kameneka, Hapalochlaena, ndi kanyama kofewa ka mikono 8 kokwana m'chikhatho. Malovu ake ali ndi tetrodotoxin, poizoni amene amapezekanso m'thupi la pufferfish. Kakaluma nthawi zambiri sipapweteka, mwina munthu sadziwa n'komwe. Pakapita mphindi zochepa milomo imachita dzanzi, mawu amavuta, kenako minofu yopumira imaima, munthuyo akumva zonse koma osatha kugwedeza ngakhale chikope. Chomupulumutsa ndi kumupumira pakamwa mosalekeza mpaka ataikidwa pamakina othandiza kupuma, ngakhale akuoneka ngati watsirizika. Amene afika pamakinawo nthawi yabwino amachira poizoniyo akatha m'thupi. Kuwonjezera apo, octopus imathawa m'thanki podzera pakabowo kalikonse, ndipo moyo wake ndi waufupi moti mukhoza kugula kokalamba kale n'kufa pakangopita milungu. Kuika banja pangozi chifukwa cha chiweto chotero n'kosamveka.

Nkhono za cone zimalasa ndi kadzino kobowoka kamene kamatha kudutsa golovesi yopyapyala, ndipo chitamba chake chimapindika n'kufika pafupifupi paliponse pa chigoba, choncho palibe pogwira potetezeka. Zodya nsomba, makamaka Conus geographus, ndi zimene zapha anthu. Ululu wa nkhono zimenezi ndi wamphamvu pa mitsempha moti kuchokera ku wa Conus magus anapanga ziconotide, mankhwala oletsa kupweteka amene anavomerezedwa ku America mu 2004. Nthawi zina cone imabwera yokha ndi miyala, choncho nkhono yosadziwika yooneka ngati chulu itoleni ndi chopanira.

Pa ziwirizi thandizo loyamba ndi losiyana ndi la minga. Kulungani mkono wonse ndi bandeji yothina bwino koma yosatseka magazi, mangiriranipo kathabwa kuti usagwedezeke, munthuyo agone osayenda, ndipo wina aimbe foni pamene inu mukuyang'anira kapumidwe kake.

Abwana andiuza kuti ndizitsuka thanki yawo. Ndikane?

Simukufunika kukana, koma muli ndi ufulu wofunsa musanayambe. Apempheni mwaulemu akulembereni mayina a zonse zimene zili m'thankimo, ndipo akuonetseni zobaya ndi zoluma. Apempheni magolovesi aatali ofika m'phewa ndi magalasi oteteza maso. Dziwani kuti magolovesi amatchinga poizoni, ubweya wa nyongolotsi ndi timaselo tolasa, koma munga wa lionfish umadutsa, choncho nsomba yoteroyo itsekeredwe mbali imodzi ndi chotchinga chapulasitiki, kapena wina aziiyang'anira inu mukugwira ntchito. Galasi limapukutika ndi chopukutira cha maginito popanda kunyowetsa dzanja.

Musayamwe payipi ndi pakamwa pofuna kuyambitsa madzi kutuluka. Musagwire kumaso kapena kudya musanasambe m'manja ndi sopo. Ngati muli ndi bala padzanja, ntchitoyo idikire. Ndipo akakupatsani mwala wa m'thanki kuti mukautsuke kukhitchini ndi madzi otentha, pamenepo ndiye kanani, muwafotokozere chifukwa chake. Eni mathanki ambiri sanamvepo za palytoxin, ndipo nthunziyo idzagwira ana awo limodzi ndi inu.

Balalo linapola, koma patapita milungu patuluka kachotupa kofiira kosamva mankhwala. N'chiyani?

Mwina ndi Mycobacterium marinum, kachilombo ka m'banja limodzi ndi ka chifuwa chachikulu, kamene Joseph Aronson anakapeza mu 1926 m'nsomba zakufa za ku Philadelphia Aquarium. Kamalowa pabala laling'ono, kamakhala chete milungu iwiri, inayi, nthawi zina miyezi, kenako pamatuluka chotupa pachala kapena pamsana pa dzanja, ndipo zina zimatsatira mumzere kukwera kumkono. Sikapatsirana pakati pa anthu. Kamapezekanso m'madzi opanda mchere, choncho oweta mbuna nawonso ziwakhudze. Madokotala amakaphonya kawirikawiri chifukwa kamakula bwino pa madigiri 30, pamene ku labotale amakonda kuyeza pa 37. Mukapanda kutchula thanki, mukhoza kumwa mankhwala olakwika kwa miyezi. Mankhwala ake enieni, monga clarithromycin, ethambutol ndi rifampicin, amamwedwa kwa miyezi itatu kapena kupitirira.

Kachilombo ka Vibrio vulnificus ndiye sikachedwa. Bala limafiira, kutupa ndi kupweteka mopitirira kukula kwake mkati mwa tsiku limodzi, pamatuluka matuza akuda, thupi n'kutentha. A CDC amati mwa anthu asanu ogwidwa ndi kachilomboka mmodzi amamwalira, ena pasanathe masiku awiri. Amene ali pangozi yaikulu ndi odwala chiwindi, akumwa mowa kwambiri, odwala shuga, ndi onse amene chitetezo cha m'thupi chatsika, kaya ndi HIV, mankhwala a khansa kapena ma steroid. Ngati muli m'gulu limeneli, dzanja lanu lisalowe m'thanki popanda golovesi, ndipo bala lililonse lofiira lionedwe tsiku lomwelo.

Ndikafika kuchipatala ndinene chiyani?

Musayembekezere kuti dokotala wa ku Birmingham kapena ku Pretoria adziwa foxface kapena Palythoa. Ambiri sanaonepo bala loterolo. Yambani ndi kunena kuti mwavulalira m'thanki ya nsomba za m'nyanja yamchere, nthawi imene zachitika, ndi thandizo limene mwadzipatsa kale. Aonetseni chithunzi cha chamoyocho pafoni ndi dzina lake lasayansi. N'chifukwa chake ndi bwino kumata pepala la mayinawo pakabati ya thanki, pamene aliyense wa m'nyumba angalipeze inu mutalephera kulankhula. Ngati munagwira miyala kapena makorali, tchulani palytoxin ndi dzina lake, ndipo nenani ngati ena kunyumba akudwala.

Ku Britain nambala yangozi ndi 999, ndipo 111 ndi ya uphungu wa NHS, bungwe la boma loona zaumoyo. Ku South Africa ndi 112 pafoni yam'manja kapena 10177 ya ambulansi, ndipo a Poisons Information Helpline amayankha usana ndi usiku pa 0861 555 777. Dokotala nayenso akhoza kuwaimbira. Funsani ngati pakufunika X-ray yoona zidutswa za munga, ndipo kumbutsani za katemera wa kafumbata ngati papita zaka zambiri musanabayitse. Mabala akuya a m'madzi amchere kawirikawiri amatsukidwa bwino n'kusiyidwa osasoka kwa masiku angapo, choncho musadabwe akakubwezani ndi bandeji yokha ndi tsiku lobweranso.